Kuphunzira Chikoreya pa yunivesite kusamathere pa kulankhula

Achinyamata ambiri amene amasankha maphunziro a chilankhulo ndi zolembalemba za ku Korea pa yunivesite amakhala atakopeka ndi mafilimu komanso nyimbo za dzikolo, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo. Chimene sindigwirizana nacho ndi maganizo akuti gawo la zolembalemba n'longotayitsa nthawi, kuti wophunzira angolimbikira kulankhula, akhoze mayeso a TOPIK, oyesa luso la Chikoreya, amene amafika pa mlingo wa 6, kenako akafune ntchito ku Samsung kapena ku Hyundai. Ngati cholinga ndi chimenecho, sukulu ya chilankhulo ndi yokwanira, ndipo palibe chifukwa chokhalira zaka zinayi pa yunivesite.

Zilembo za Chikoreya, zotchedwa Hangul, si zovuta. Mfumu Sejong inazikonza mu 1443 ndi kuzilengeza mu 1446 kuti anthu wamba azitha kulemba, ndipo mwa zilembo 28 zoyambirira, 24 ndi zimene zikugwirabe ntchito. Munthu wakhama amayamba kuziwerenga pa masiku ochepa. Koma kwa zaka mazana ambiri anthu ophunzira anapitiriza kulemba ndi zilembo za ku China, zimene Akoreya amati hanja, pamene Hangul inkagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi amayi ndi anthu wamba polemba makalata ndi nthano. Mpaka lero mawu oposa theka a m'dikishonale ya Chikoreya ndi ochokera ku Chitchaina, choncho wophunzira amene wathawa hanja watsekeredwa kunja kwa gawo lalikulu la mbiri ya dziko limene akuti amalikonda.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi mtengo umene anthu analipira kuti chilankhulochi chisafe. Japan inalamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945, ndipo chakumapeto kwa ulamulirowo Chikoreya chinachotsedwa m'masukulu. Mu 1942 apolisi anamanga akatswiri a bungwe la chilankhulo cha Chikoreya amene ankalemba dikishonale, awiri mwa iwo anafera m'ndende, ndipo mapepala a dikishonaleyo anadzapezeka m'nyumba yosungiramo katundu pa siteshoni ya sitima ku Seoul dziko litamasuka. Mlakatuli Yun Dong-ju, amene ankalemba m'Chikoreya pa nthawi imeneyo, anafera m'ndende ya ku Fukuoka mu 1945 ali ndi zaka 27. Ndingamve chisoni kuona munthu akulandira digiri ya Chikoreya asanawerengepo ndakatulo imodzi ya mnyamata ameneyu m'chilankhulo chimene anailembera.

Ngakhale kulankhula kwenikweniko kumaphunziridwa bwino m'mabuku. Ife olankhula Chichewa timadziwa kuti kunena kuti "iwe" kwa munthu woyenera "inu" ndi mwano, ndipo Chikoreya chimapitirira pamenepo, chifukwa mathero a mneni amasintha malinga ndi msinkhu, udindo ndi ubale wa anthu amene akuyankhulana. M'nkhani yolembedwa, munthu akasiya mwadzidzidzi kuika "yo" waulemu kumapeto kwa chiganizo, wowerenga amadziwa kuti mwina ubwenzi wakula kapena chipongwe chayamba. Buku la galamala limapereka lamulo lokha, koma kuti uzindikire nthawi imene kusinthako kumapweteka mtima, uyenera kuona anthu akukangana ndi kuyanjana pa masamba ambiri.

Kwa amene amafunsa kuti womaliza maphunzirowa adzadya chiyani, ndikuwakumbutsa za Deborah Smith, amene anaphunzira zolembalemba za ku Korea pa yunivesite ya SOAS ku London. Iye anamasulira buku la Han Kang, wolemba mabuku wa ku Korea, m'Chingelezi, ndipo awiriwa anagawana mphoto ya Man Booker International mu 2016. Mu 2024 Han Kang anakhala Mkoreya woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Sindikunena kuti aliyense adzafika pamenepo, koma ntchito yomasulira ilipo ndipo imafuna munthu wowerenga mozama.

Choncho wachinyamata amene akusankha yunivesite ayambe wafunsa ngati pa ndandanda ya maphunziro pali hanja, ndakatulo za sijo za mizere itatu, nthano zoimbidwa za pansori ndi mabuku olembedwa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 itatha. Afunsenso ngati pali mwayi wokakhala ku Korea, monga umene umapezeka kudzera mu Global Korea Scholarship, sikolashipu ya boma la South Korea, imene imayamba ndi chaka chathunthu chophunzira chilankhulo munthu asanalowe m'kalasi la digiri.