Lekani kusakaniza mankhwala omwe simukuwadziwa

Ana anga, ndaonerera mokwanira, lero ndiyankhulapo. Mavidiyo amene mukutumizirana pa TikTok ndi pa Facebook aja, oti munthu akukhuthulira mabotolo asanu a mankhwala m'chimbudzi chimodzi kuti thovu lituluke lamawangamawanga, inu n'kumaombera m'manja n'kuthamangira kukayesa kwanu, amenewo si masewera ayi. Wojambula uja sakuonetsani mmene anatsokomolera atazimitsa kamera.

Tiyambe ndi jiki, poti ndiye amene mumamuzolowera kwambiri. M'botolo muja muli madzi osungunuliramo mankhwala otchedwa sodium hypochlorite. Payekha ndi wantchito wabwino, amapha tizilombo n'kuyeretsa. Koma mukangomuphatikiza ndi asidi, kaya ndi mankhwala ochotsera zokakamira m'chimbudzi, ochotsera dzimbiri, ngakhale viniga weniweniyu, amatulutsa mpweya wa chlorine. Dzinali lisakudutseni. Ndi mpweya womwe asilikali a Germany anatsegulira adani awo ku Ypres, m'dziko la Belgium, pa 22 Epulo 1915, anthu n'kumafa ali m'maenje awo obisalamo. Ukafika m'maso ndi m'mapapo umakumana ndi chinyontho n'kusanduka asidi. Choipa china n'choti umalemera pafupifupi kawiri ndi theka kuposa mpweya umene timapumawu, ndiye suthawira kudenga. Umadikha pansi, pomwe inu mwagwada ndi bulashi, pomwenso mwana akukwawa. Jiki akakumana ndi ammonia, wopezeka m'mankhwala ena opukutira magalasi, pamatuluka mpweya wina wotchedwa chloramine, nawonso wowotcha mapapo.

Mu Novembala 2019, ku Massachusetts m'dziko la America, bwana wa malo ena odyera anamwalira ndi zimenezi. Mankhwala awiri okolopera, wina wa mtundu wa jiki wina wa asidi, anakumana pansi n'kuyamba kuchita thovu. Iye, pofuna kupulumutsa zinthu, anapita kukakankhira madziwo panja. Anali ndi zaka 32 zokha. Ndiye imvani: zikakuchitikirani, maso akayamba kuyabwa, kukhosi kukayamba kuwawa, tulukani, tulutsani ana, siyani zitseko pululu. Kukolopa kudikire.

Ndikudziwa ena mwa inu mukuti, “Ife tinaphunzira chemistry, timadziwa zomwe tikuchita.” Chabwino. Khalani pansi ndikuuzeni za mayi Karen Wetterhahn.

Mayiwa anali pulofesa wa chemistry pa Dartmouth College ku America, ndipo ntchito yawo yeniyeni inali kufufuza mmene zitsulo zapoizoni zimawonongera thupi la munthu. Ngati panali wodziwa kuopsa kwa mercury, anali iwowo. Mu Ogasiti 1996, ali mu labotale, dontho limodzi kapena awiri a mankhwala okhala ndi mercury otchedwa dimethylmercury anagwera pa golovesi yomwe anavala. Sanachite chibwana chilichonse. Magolovesi anavala, ndondomeko zonse za nthawi imeneyo anatsata. Anakonza pamalopo n'kupita kwawo. Panapita miyezi pafupifupi isanu, kenako anayamba kudzandira poyenda, mawu n'kumatuluka olobodoka. Pofika nthawi imeneyo poizoni anali atakhazikika kale mu ubongo. Anamwalira mu Juni 1997 ali ndi zaka 48. Atayeza pambuyo pake anapeza kuti mankhwalawo amadutsa golovesi ya mtundu umenewo m'masekondi ochepa chabe, osasiya bowo loti diso n'kuliona. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, ndipo apa silinanunkhedi.

Tsono ngati katswiri wosamala chonchi anapita ndi dontho limodzi, nanga iwe wosakaniza mankhwala m'bafa lotseka, manja ali pamtunda, dzanja lina litagwira foni, ukudalira chiyani?

Musandimve molakwa. Sindikuti muthawe phunziroli. Ndimakondwa ndikamva mwana akuti akufuna kudzagwira ntchito yoyeza madzi akumwa, kupanga mankhwala a kuchipatala, kuyeza nthaka ndi feteleza, kapena kufufuza umboni wa milandu mu labotale. Ndi ntchito zolemekezeka, ndipo dziko lililonse limawafuna anthu otere. Koma mukalowa mu labotale yeniyeni mudzapeza kuti chinthu choyamba si kusakaniza. Amayamba akuvekani magalasi oteteza maso, kukuwerengetsani chikalata chofotokoza kuopsa kwa mankhwala aliwonse, ndi kukuonetsani pomwe pali madzi otsukira m'maso. Adzakuuzani kuti posungunula asidi wamphamvu, ngati sulphuric acid, mumathira asidiyo m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi, chifukwa kutentha kumene kumabuka kungawiritse timadzi tija n'kukuthovukirani kumaso. Amene amanyansidwa ndi malamulo otere ntchitoyi si yake, ngakhale atakhoza mayeso bwanji.

Mlandu wina ndili nawo ndi inu akuluakulu anzanga, chifukwa uwu si wa ana. Mumatsanulira palafini, mankhwala ophera tizilombo kapena madzi a batire m'botolo la chakumwa, osalembapo kanthu, n'kuliika pansi pa tebulo. Mwana wa zaka ziwiri amadziwa botolo, sadziwa zam'kati. Ngakhale wamkulu amapusitsika: mankhwala apoizoni otchedwa methanol amaoneka ndi kununkhira ngati mowa, koma chiwindi chimamusandutsa formic acid amene amawononga mitsempha ya maso, ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa maola 12 mpaka 24. Mu Novembala 2024 alendo asanu ndi mmodzi anafa naye ku Vang Vieng m'dziko la Laos, akuganiza kuti akumwa mowa wamba.

Mankhwala azikhala m'botolo lake, lebulo ili pomwepo, pamwamba posafika mwana. Ndipo wina akamwa mwangozi, chonde lekani chizolowezi chomupisa chala kukhosi. Palafini akamasanzidwa amatha kulowa m'mapapo, asidi ndi soda wowotcha uja amawotchanso kachiwiri pobwerera. Munyamuleni msanga kupita naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, ndipo botololo mulitenge, adokotala akaliwerenge okha.