Mtengo wa mafuta sitingaugwire, koma maulendo athu tingawachepetse

Mafuta akakwera mtengo, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumadzaza madandaulo kwa sabata imodzi. Kenako tonse ziii, tazolowera, tikudikira kuti mwina atsika. Ine ndikuona kuti kudikirako ndiye kukutipweteka kwambiri. Mtengo wa mafuta palibe mmodzi wa ife amene angaulamule. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuchuluka kwa mafuta amene moyo wathu umamwa tsiku ndi tsiku.

Taonani kumene mtengowo umachokera. Dziko lonse lapansi limagwiritsa ntchito migolo ya mafuta pafupifupi 100 miliyoni pa tsiku, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Mafutawa amakumbidwa m'mayiko owerengeka, amayenda pa sitima zapamadzi, ndipo malonda ake ambiri amachitika m'madola a ku America. Pa kanjira kamodzi kopapatiza kapanyanja, Strait of Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman, pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta onse amene anthu amagwiritsa ntchito. Kukangomveka mphekesera za nkhondo kumeneko, mtengo umalumpha sitima ngakhale imodzi isanaime, chifukwa amalonda amagula ndi mantha a mawa. Ndalama ya dziko lanu ikafooka pamaso pa dola, pa pampu mulipira zambiri ngakhale mgolo usanakwere ndi senti imodzi.

Ndipo izi si zachilendo ayi. Mu 1973 mayiko a Aarabu atasiya kugulitsa mafuta kwa mayiko amene ankathandiza Israel pa nkhondo, mgolo unachoka pa madola atatu kufika pafupifupi 12 m'miyezi yochepa. Mu July 2008 unafika madola 147. Mu April 2020, anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi Covid-19, ku America kunali tsiku limene ogulitsa ankachita kulipira munthu kuti awatengere mafuta, chifukwa kosungira kunadzaza. Patangopita zaka ziwiri, Russia italowa m'dziko la Ukraine, mgolo unadutsanso madola 120. Chinthu chokwera ndi kutsika chonchi sungamangirepo bajeti ya pakhomo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti wolipira kwambiri nthawi zambiri ndi amene alibe n'komwe galimoto. Lole yobweretsa katundu kumsika imamwa dizilo, thirakitala m'munda imamwa dizilo, basi yopita kuntchito chimodzimodzi. Phula la pamsewu ndi pulasitiki ya m'khitchini zonse n'zochokera ku mafuta omwewo. Dizilo akakwera lero, wamalonda aliyense amakankhira mtengowo kwa womutsatira, mpaka umakathera pa munthu wogula kamodzikamodzi amene alibe wina womukankhira. Wolemera amangodandaula pakamwa n'kudzazitsa thanki. Wamalipiro ochepa amachotsa china chake pa mndandanda wa zogula mwezi umenewo.

Tsono titani? Malangizo amene amayenda kwambiri ndi aja akuti popani matayala bwino, pitani nayo ku sevisi nthawi yake, musanyamule katundu wosafunika m'buti. Ndi zoona, chitani. Koma zimenezi zimapulumutsa pang'ono chabe. Nkhani yaikulu ili apa: injini ya petulo imataya mphamvu yambiri ya mafuta ngati kutentha basi, ndipo yofika ku mawilo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kagawo kameneko ndiye kakukankha chitsulo cholemera kuposa tani imodzi, m'kati muli munthu mmodzi yekha amene akupita kukagula kanthu kokwana m'thumba la malaya. Mukaziganizira bwino, ndalama zambiri zimene timasiya pa pampu n'zoyendetsera galimotoyo, osati ifeyo.

N'chifukwa chake ine ndimati ulendo wotchipa kuposa onse ndi umene simunayende pa galimoto. Timaulendo tifupitifupi ndi timene timadya mafuta mobisa, chifukwa injini ikadali yozizira imamwa kwambiri, ndipo imafika kumene mukupita isanatenthe n'komwe. Mtunda wa makilomita awiri munthu wabwinobwino amauyenda wapansi osakwana theka la ola, pa njinga ndi mphindi khumi. Zofuna galimoto ziunjikeni pa ulendo umodzi: kubanki, kumsika, kukaona wodwala, zonse tsiku limodzi, m'malo motuluka katatu. Ngati inu ndi aneba anu mumapita mbali imodzi m'mawa uliwonse, magalimoto awiri akuchitanji pamsewu? Anthu anayi akakwera imodzi n'kumasonkherana, aliyense walipira gawo limodzi mwa anayi. Palibe makaniko amene angakukonzereni injini kuti ipulumutse chonchi.

Za liwiro nazo anthu sazikhulupirira mpaka ataziyesa. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo imakula mofulumira kuposa liwirolo: mukawirikiza liwiro kawiri, mphepoyo imakukanizani kanayi. Ndiye uja amathamanga 120 pamene akanayenda 90 amafika msanga ndi mphindi zochepa koma walipira mokwera. Dziko la America linachita kuika lamulo mu 1974 loti pasapezeke wodutsa mamailosi 55 pa ola, pafupifupi makilomita 89, n'cholinga chopulumutsa mafuta. Kuponda moto mwaukali kenako n'kuponda mabuleki patsogolo pomwepo, kapena kusiya injini ikulira pamene mukudikira munthu pageti, konseko ndi kuwotcha ndalama muli chiimire.

Mu March 2022 bungwe la International Energy Agency, limene limalangiza mayiko pa nkhani za mafuta ndi magetsi, linatulutsa mfundo khumi zochepetsera kugwiritsa ntchito mafuta, ndipo linawerengera kuti mayiko olemera akazitsatira angachepetse migolo 2.7 miliyoni pa tsiku m'miyezi inayi yokha. Munalibe zodabwitsa m'menemo. Kuchepetsa liwiro pa misewu ikuluikulu, kugwirira ntchito kunyumba masiku ena kwa amene ntchito yawo imalola, kutsitsa mitengo ya mabasi ndi sitima zapamtunda, kukwerana. Apa ndikulankhulanso ndi mabwana: msonkhano wa theka la ola umene ukanatheka pa foni, mukuitaniranji anthu khumi kuti aliyense awotche mafuta kubwera ku ofesi?

Ena anena kuti yankho ndi galimoto zamagetsi. Ku Norway, mu 2024, pafupifupi magalimoto asanu ndi anayi mwa khumi alionse atsopano amene anagulidwa anali amagetsi, ndiye n'zotheka ndithu. Koma Norway ndi dziko lolemera, la magetsi ochuluka ochokera ku madzi, ndipo boma linawachotsera misonkho ogulawo kwa zaka zambiri. Kwa anthu ambiri padziko lapansi chapafupi ndi njinga yamagetsi kapena njinga yamoto ya batire, imene imamwa magetsi ochepa zedi. Chapafupinso ndi sola. Mitengo ya mapanelo inatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, kotero amene akudalirabe jenereta kapena nyali ya palafini angachite bwino kukhala pansi ndi cholembera, n'kuwerengera zimene amawononga pa chaka chonse, osati pa tsiku.

Komabe ndisanamize anthu kuti zonse zili kwa munthu payekha. Simungauze mayi kuti apalase njinga ndi mwana kumbuyo pamsewu umene malole amadutsa mokhudza chigongono. Simungauze wantchito kuti asiye galimoto pamene basi imabwera nthawi imene yafuna. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi la boma ndi makhonsolo a mizinda. Dziko la Netherlands, limene lero timalisirira ndi njinga zake, silinabadwe choncho. Kumapeto kwa 1973 linaletsa magalimoto kuyenda Lamlungu chifukwa cha kusowa kwa mafuta, pa nthawi imene makolo ankachitanso zionetsero chifukwa cha ana ophedwa ndi magalimoto pamsewu. Zitatero anayamba kumanga tinjira ta njinga topatukana ndi msewu wa magalimoto, ndipo sanasiye mafuta atatsika. Brazil inayamba mu 1975 pulogalamu yopanga ethanol kuchokera ku nzimbe, ndipo lero magalimoto ambiri kumeneko amatha kuyendera petulo kapena ethanol, mwini wake n'kusankha chotchipa pa pampu.

Mafuta akakwera, chimene anthu amafuula msanga n'chakuti boma lichotse msonkho kapena lithirepo ndalama kuti mtengo utsike. Ndikumvetsa, ululu ndi weniweni. Koma ndalama yothira pa lita iliyonse imapita kwambiri kwa amene amagula malita ambiri, ndiye kuti mwini galimoto yaikulu. Germany mu 2022 inachita zonse ziwiri kwa miyezi itatu, June mpaka August: inatsitsa msonkho wa mafuta, komanso inagulitsa tikiti ya mayuro 9 yokwerera mabasi ndi sitima za m'madera mwezi wathunthu. Matikiti amenewo anagulidwa pafupifupi 52 miliyoni. Pa ziwirizi, ine ndingasankhe yachiwiriyo, chifukwa imafikira ndi amene sanagwirepo chiwongolero.

Chotsalira ndi manyazi athu. Munthu wantchito yabwino akafika pa njinga kapena akatsika basi, anzake amayamba kunong'onezana kuti zamuvuta. Ambiri akuyendetsa galimoto ya ngongole, thanki ili pa mzere wofiira, n'cholinga choti asanenedwe. Amene akukusekaniwo sadzakuthandizani kulipira pa pampu mwezi ukatha. Ngati kuntchito kwanu kuli malo oimikapo magalimoto makumi awiri koma palibe pokolekapo njinga ngakhale imodzi, kafunseni abwana chifukwa chake pa msonkhano ukubwerawu.