Pa phwando la zaka 60, nyimbo zikhale za mwini tsiku

Amayi anga anakwanitsa zaka 60 mu 2025 ndipo ife ana tinawakonzera phwando. Pali kanthu kena ka tsikulo komwe kakhala kakundidya mumtima, ndiye lero ndingokanena. Ana timalakwitsa kwambiri pa nkhani ya nyimbo. Ndiyambe ndadziloza chala ndekha, poti pogawana ntchito pa gulu lathu la WhatsApp, ya nyimbo inagwera ine.

Ndinapeza DJ wachinyamata, wodziwa ntchito yake ndithu, wokhala ndi masipika otalika ngati munthu. Malangizo anga anali amodzi okha: "Anthu avine." Ndipo anthu anavinadi. Adzukulu, asuweni, anzanga a kuntchito, thukuta kamukamu. Ine ndikuyendayenda ndi foni kujambula, mtima uli m'malo kuti ndagwira ntchito.

Amayi anali pampando wawo wokongoletsedwa uja, akumwetulira. Koma kumwetulira kwake kunali kuja mayi amachita mwana akamugulira nsapato yosamukwana, safuna kukukhumudwitsa. Pambali pawo panali anzawo atatu omwe anaphunzira nawo limodzi, mmodzi mwa iwo asanaonane naye zaka zoposa 30. Ankayesa kucheza, kuweramirana m'khutu, wina n'kumati "Mwati bwanji?", winayo n'kubwereza mokuwa. Mapeto ake anangosiya, n'kukhala duu kumationerera ife.

Ine zonsezi sindinazione ngati vuto mpaka malume, alongo awo a amayi, atandikokera pambali.

"Mphwanga, kodi phwandoli ndi la ndani?"

"Ndi la amayi, malume."

"Nanga akuvinawo ndi amayi ako?"

Sanadikire yankho. Anapita okha kwa DJ uja, n'kumuuza kuti atsitse kaye phokoso, kenako n'kumutchulira nyimbo ina yakale yomwe ine ndinali ndisanaimvepo chibadwire. Mnyamatayo anaifufuza pa intaneti, anaipeza. Itangoyamba, amayi anagwira pakamwa. Mnzawo mmodzi anakuwa ngati kamtsikana. Onse anayi anadzuka nthawi imodzi, bondo lomwe amayi amadandaula nalo tsiku ndi tsiku litaiwalika, ndipo anaimba mawu onse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaphonya ngakhale limodzi. Amayi omwewa amene amandifunsa kawiri patsiku komwe asiya magalasi awo!

Zimenezi si zamatsenga. Akatswiri ofufuza za kukumbukira kwa munthu anaona kalekale kuti munthu akakula, zomwe zimamukhalira kwambiri m'mutu ndi zomwe zinachitika ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Nyimbo za nthawi imeneyo ndiye zimamatirira koposa, chifukwa zimabwera ndi zonse: chibwenzi choyamba, mayeso, malipiro oyamba, anthu omwe panopa kulibenso. N'chifukwa chake ngakhale odwala matenda oiwalaiwala a kuukalamba, omwe nthawi zina sazindikira ndi ana awo omwe, amatha kuimba nyimbo ya pa utsikana wawo bwinobwino. Kwa munthu wobadwa mu 1965, zaka zimenezo ndi kuyambira 1975 mpaka 1995. Ndi nthawi ya wailesi ndi makaseti, ija ankabweza tepi ndi cholembera pofuna kusunga mabatire. CD inangotulukira mu 1982, ndipo inatenga nthawi kuti ifike m'nyumba za anthu wamba. Tsono DJ wobadwa 2000 itadutsa, nyimbo zimenezo azidziwira kuti ngati ife sitimuuza? Mlandu si wake. Ndi wanga, amene sindinakhale pansi ndi amayi ngakhale mphindi khumi kuwafunsa kuti ankavina chiyani ali ndi zaka 18.

Za phokoso nazo ndinenepo, chifukwa apa ndiye timachita nkhanza osadziwa. Makutu amakalamba. Munthu akamakula amayamba kuvutika kutola mawu a mnzake pakati pa phokoso, ngakhale kuti pamalo pachete amamva bwinobwino. Azaumoyo amati phokoso la madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) limayamba kuwononga makutu ukakhalamo maola 8, ndipo likafika 100, lomwe ndi la m'malo ambiri ovinira, mphindi 15 zokha n'zokwanira. Ife timaika agogo kutsogolo, pafupi ndi sipika penipeni, ati kuwalemekeza. Anthu ayenda mtunda wautali kudzaonana ndi mnzawo, mwina komaliza, ndiye ife n'kuwatseka pakamwa ndi chiphokoso.

Mawu akuti komaliza ndawanena dala. Cha m'ma 1950, munthu wobadwa pa dziko lapansi, tikaphatikiza maiko onse, ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 46. Lero ndi zaka pafupifupi 73. Zinthu zasintha, inde, komabe zaka 60 si zofika aliyense. Ndinawerengera: kuchokera tsiku lomwe amayi anabadwa kufika pa phwandolo panadutsa masiku 21,915. Pa chithunzi cha kalasi yawo chomwe mnzawo uja anabweretsa, ankaloza nkhope imodziimodzi, uyu anapita, uyu anapita, uyu sitidziwa komwe ali. Anthu otere akakumana amafuna kumvana, kusekana za aphunzitsi awo, kukangana kuti anayamba kufunsiridwa ndani.

Ndikudziwa ena munena kuti phwando ndi la onse, achinyamata akatopa ndi nyimbo zachikale athawa. Chabwino, apatseni gawo lawo. Akuluakulu sachedwa kutopa, akapita kukapuma kwezani mmene mungafunire mpaka tambala alire. Koma maola oyambawo, mwini tsiku adakali ndi mphamvu, akhale ake. Ndiponso za kuthawazo ndimakayika. Kwathu adzukulu sanathawe. Anazungulira agogo awo, kuwombera m'manja, kutengera mavinidwe omwe sanawaonepo, akugwa ndi phwete. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 9, mpaka lero amati "Agogo, tavinaninso kuja munkagwedeza mapewa." Iye ankayesa kuti agogo ake anabadwa ali kale agogo.

Pena ndimaona ngati maphwando awa timawakonza kuti tidzaike zithunzi pa Facebook, anthu aone kuti ana a mayi uja ndi otha zinthu. Zovala zofanana, mabuloni a nambala, malankhulidwe ataliatali omwe aliyense amayamba ndi "ine sindichulutsa mawu" kenako n'kutha theka la ola. Sindikunyoza, nanenso zithunzi ndinaika, ndipo zinali zokongola. Koma amayi akamakamba za tsikulo satchula chilichonse mwa zimenezo. Amakamba za nyimbo ija, ndi ina yomwe inatsatira, yomwe anati ankaimba ndi malemu bambo asanakwatirane. Nkhani imeneyo ine ndinali ndisanaimvepo. Ndinaimvera pa phwandopo, amayi akupukuta misozi kwinaku akuseka.

Malume akwanitsa zaka 70 mu 2027, ndipo ana awo andipempha kale kuti za nyimbo ndigwirenso ine. Ulendo uno ndayamba msanga. Ndinawaimbira foni kuti anditumizire mndandanda wa nyimbo zawo. Vuto n'lakuti maina a nyimbo zambiri anaiwala, oimba ake anaiwalanso, ndiye angoyamba kunditumizira mauthenga a mawu pa WhatsApp akung'ung'udza okha, nthawi zina 5 koloko m'mawa. "Mphwanga, iyi uipeze, imayamba ndi gitala chonchi." Pofika lero anditumizira 23. Ndapezapo 9.