Inu otolera mabuku akale a zaufiti, tamverani kuno

Ana anga amene mwayamba kutolera timabuku takale tachingerezi ta nkhani zoopsa, tija ta zikuto za mbuzi yanyanga, makandulo akuda ndi mkazi womangidwa pamtengo moto uli lawilawi, ndili nanu mawu. Kugula sindikukuletsani. Ndalama ndi zanu, ndipo wachinyamata wokonda kuwerenga masiku ano ndi wofunika kumuwombera m'manja. Chimene chandinyansa ndi chibwana chimene ena mwa inu mukuchita: kujambula tsamba kapena chikuto, n'kuponya m'magulu a WhatsApp a kumpingo ndi a pachibale, m'munsi mwake n'kulembamo kuti taonani, ngakhale azungu omwe analemba kuti afiti amachita chonchi. Mukatero mwasandutsa nthano yamalonda kukhala umboni, ndipo mwaupereka kwa anthu amene bukulo sadzaligwira n'komwe.

Kodi musanatumize munafunsa kuti analemba ndani, nanga ankafunapo chiyani? Safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi Dennis Wheatley, amene dzina lake limakudodometsani mukaliona pachikuto. Mkuluyu poyamba anali wogulitsa vinyo ku London, ndipo bizinesi itavuta anatembenukira ku zolembalemba. Buku lake lotchuka la The Devil Rides Out linatuluka mu 1934. Kumayambiriro kwa buku lomwelo iye mwini ananeneratu kuti sanakhalepo pamwambo uliwonse wamatsenga. Zimene analemba anachita kuwerenga m'mabuku ena ndi kumva kwa anthu ngati Montague Summers, wolemba mabuku a zaufiti, kwinako n'kuthira mchere kuti nkhani ikome. Mwiniwake akukana kuti sanaone ndi maso, koma inu ndiye mukulumbira m'malo mwake.

Summers ameneyo ndi amenenso mu 1928 anamasulira m'Chingerezi buku la Malleus Maleficarum, lophunzitsa kusaka ndi kuweruza afiti, limene ena mumalisunga ngati chuma chamtengo wapatali. Linalembedwa ndi Heinrich Kramer cha m'ma 1486, munthu amene anali atangolephera kumene milandu ya ufiti ku Innsbruck, m'dziko la Austria, mpaka bishopu wa deralo anamuuza kuti achoke. Ndi buku la munthu wokwiya, ndipo mkwiyo wake wonse anautsanulira pa amayi.

Koma pamene ndikufuna mukhale pansi n'kumvetsetsa ndi pa nkhani ya Matthew Hopkins, wosaka afiti wa ku England. Ronald Bassett analemba buku lonena za iye la Witchfinder General mu 1966, filimu yake n'kutuluka mu 1968, ndipo kuyambira pamenepo timabuku tambirimbiri takhala tikumujambula ndi chipewa chachitali ngati katswiri wodziwa zobisika. Munthuyu analikodi, ndipo anthu amene anawaphetsa analinso anthu enieni. Anayamba mu 1645 ku Manningtree, kum'mawa kwa England, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni pamene makhoti anali atasokonekera. Udindo wa mkulu wofufuza afiti anangodzipatsa yekha. Woyamba kugwidwa anali Elizabeth Clarke, mayi wokalamba, wosauka, wa mwendo umodzi. Njira zake zinali zotani? Kumukhazika munthu osamulola kugona usiku wotsatizana mpaka mutu utasokonekera, kumuvula n'kumubaya ndi singano pofuna chizindikiro cha mdyerekezi, kapena kumumanga n'kumuponya m'madzi. Munthu wosagona masiku angapo amavomera chilichonse, ngakhale chimene sanachilotepo. John Lowes, m'busa wa ku Brandeston wa zaka pafupifupi 80, anamuyendetsa uku ndi uku m'chipinda mpaka anavomera zimene ankafuna. Ananyongedwa ku Bury St Edmunds mu Ogasiti 1645, tsiku limene anthu 18 ananyongedwa pamodzi. Ndipo ntchitoyi sinali yaulere: tauni ya Stowmarket inamulipira Hopkins mapaundi 23, ndalama zambiri kwabasi nthawi imeneyo. Anamwalira mu 1647 asanakwanitse zaka 30.

Ngakhale moto umene uli pazikutowo ndi wokokomeza. Ku England oweruzidwa ndi mlandu wa ufiti ankawanyonga, ndipo ku Salem, ku America, mu 1692 anthu 19 ananyongedwanso, wina mmodzi, Giles Corey, anamupsinja ndi miyala mpaka kufa. Wojambula chikuto ankadziwa kuti moto ndi umene umakopa wogula.

Mwina muti zimenezo n'zamakedzana, kabuku ka pepala sikangavulaze munthu lero. Mu 1980 kunatuluka buku la Michelle Remembers, lolembedwa ndi Lawrence Pazder, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Victoria m'dziko la Canada, pamodzi ndi wodwala wake amene anadzamukwatira pambuyo pake. Analigulitsa ngati nkhani yoona ya mwana wozunzidwa ndi olambira Satana. Ofufuza sanapeze umboni wa zimenezo, koma mantha anali atafalikira kale ku America konse. Aphunzitsi a sukulu ya mkaka ya McMartin ku California anaimbidwa milandu yonyansa yozunza ana pamiyambo ya Satana, imene inatha mu 1990 popanda wopezeka wolakwa ndi mmodzi yemwe, chikhalirecho mmodzi wa iwo atakhala m'ndende zaka zisanu. Winanso, Mike Warnke, anatulutsa The Satan Seller mu 1972 akuti anali mkulu wa ansembe a Satana, n'kumayenda m'matchalitchi kuchitira umboni. Mu 1992 magazini yachikhristu ya Cornerstone inafufuza n'kupeza kuti nkhaniyo inali yopeka. Zaka 20 anthu akuwomba m'manja.

Tsono ganizirani kumene tsamba mwajambulalo likukagwera. Kwathu kuno chala chikaloza, chimaloza agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu atawanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Anthu a mtima woterowo safuna zambiri kuti anyamule zikwanje, ndipo inu mukuwawonjezera mawu achingerezi oti aziti zinalembedwa m'buku. Dziwaninso kuti lamulo la za ufiti la Malawi, la mu 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mukalemba dzina la munthu pansi pa chithunzi chotere, wopalamula ndinu.

Palinso ena amene mumasiya mabukuwa pabalaza, ana a pulayimale n'kumatsegula. Ambiri a m'ma 1970 ali ndi nkhanza ndi zolaula zimene ngakhale wamkulu amazizidwa nazo nkhongono. Mwana akayamba kubwebweta usiku, azakhali ake amayamba kufunsa kuti wamulodza ndani, pamene womulodzayo ndi buku lili pansi pa pilo. Kwezani mabukuwo pamwamba kapena muwatsekere m'kabati, pouma, poti pepala lake n'lotchipa ndipo chiswe sichichedwa nalo.

Amene munatumiza kale masamba aja m'magulu, bwererani komweko lero. Fufutani, ndipo mulembe poyera kuti inali nthano, wolemba wake ndi wakuti, ndipo inatuluka chaka chakuti.