Lupu yosatha ija yandidyera tulo

Usiku wathawu ndagona mochedwa chifukwa cha kapulogalamu ka mizere 12 yokha, ndipo mtima ukuwawabe. Ndikuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndiye ndinalemba kamasewera koti kompyuta izibisa nambala, munthu n'kumayesa kuitchula. Ndinabisa 7. Ndikalemba 7, pulogalamu imvekere "yesaninso". Ndilembenso 7, yankho lomwelo. Mpaka ndinachita kudina Ctrl+C kuti iime.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti panalibe uthenga uliwonse wosonyeza vuto. Bola ikanandiuza mzere umene walakwika, ndikanadziwa poyambira. Koma inkangozungulira mu lupu ya while (gawo limene limabwereza malamulo omwewo), ine maso ali tong'o pa sikirini, kuwerenga mizere yomweyo kambirimbiri.

Vuto lake? input(), imene imalandira zimene munthu walemba, imabweza mawu, osati nambala. "7" amene ndinkalemba uja ndi 7 amene ndinabisa, kwa Python ndi zinthu ziwiri zosiyana, choncho == (chizindikiro chofananitsira) imangoti False, kutanthauza kuti sizofanana. Ndinazindikira nditaika print(type(yankho)) n'kuona str, kutanthauza kuti yankholo ndi mawu. Mankhwala ake anali kungokulunga yankholo ndi int(), imene imasandutsa mawu kukhala nambala. Zilembo zitatu basi, pambuyo pa maola awiri!

Nditakonza zimenezo, ndinadina Enter osalemba kanthu, pulogalamu n'kugwa ndi uthenga wa vuto wotchedwa ValueError. Pamenepo pamafunika try ndi except, malamulo ogwira vuto kuti pulogalamu isagwe. Kenako, pofuna kuti munthu aziyesa kakhumi, ndinapeza kuti range(1, 10), yowerengera maulendowo, imathera pa 9, moti mwayi wakhumi woyesera sunkafika n'komwe.

Zimandikwiyitsa kuti maphunziro amene ndikutsatira anangodutsa pamwamba pa zonsezi, ngati wongoyamba kumene anabadwa akuzidziwa.