Lekani kuwononga mathendere a mfuti ndi mankhwala otsukira mpope

Sabata yatha ku Furancungo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, andionetsa chifefe chimene chinali cha mlenje wina wachikulire, mfuti ya chilolezo cha apolisi, imene yakhala ikuteteza minda ya mudzi wonse ku nguluwe kwa zaka zambiri. Mwini wake adatisiya, mwana wake n'kuilembetsa m'dzina lake. Sipanathe n'chaka chomwe. Thendere lada bii pakhosi pomwe mtengo umakumana ndi chitsulo, vanishi wasungunuka moti akumata m'manja, ming'alu yatsika mpaka pogwirira. Nditakanikiza chikhadabo pamenepo, chinalowa ngati ndikutsina chinangwa choviika. Mnyamatayo ali ndi bala patsaya, chifukwa atawombera mtengo unang'ambika n'kumucheka m'munsi mwa diso. Ndiye akuti mfuti yakalamba. Yakalamba liti? M'manja mwa bambo ake bwanji sinkakalamba?

Ndikufunseni inu anyamata a ku Macanga, Angónia, Tsangano ndi Chifunde amene mwalandira mfuti za makolo anu. Kabotolo kotsukira mpope kaja mumakagula mumzinda wa Tete, mukakatsegula simumva fungo lake likulasa m'mphuno mpaka misozi? Ameneyo ndi amoniya. Adamuikamo kuti asungunule mkuwa umene zipolopolo zimasiya m'mizere ya mpope. Mabotolo ena ali ndi asetoni, mankhwala aja amachotsa penti wa m'zikhadabo, ena sipiriti ndi parafini, zochotsa mwaye wa wonga. Mankhwala osungunula mkuwa, inu mukuganiza kuti angachitire chisoni vanishi?

Koma taonani zimene mukuchita. Mumaimika mfuti thendere lili pansi, n'kuthira mankhwalawo kukamwa kwa mpope, khuthukhuthu, mpaka atulukire kunsi. Akatuluka amapita kuti? Kansanza komwe mwatsukira mpope ndi komwenso mukupukutira mtengo kuti uwale. Mukatha mumaipaka mafuta ochita kuchucha, n'kuitsamiritsa kuseri kwa chitseko, kukamwa kutaloza kudenga, mwezi wathunthu. Kukatentha mu Okutobala mafutawo amapyapyala n'kumatsetserekera pakhosi pa thendere. Pamenepo ndi pomwe mitsempha ya mtengo idadulidwa, imamwa chilichonse chimene chafikapo. Ndi pomwenso mphamvu yonse imathera mfuti ikakankha. Mwafewetsa malo omwe amayenera kukhala olimba kuposa ena onse, kenako mukugunditsapo tsaya lanu n'kuwombera. Nzeru zake ziti?

Enanso ndiye safuna n'kugula komwe. Petulo, dizilo, thinala, oyilo wakuda wokhetsa m'njinga yamoto, zonse zikuthiridwa pamfuti. Ndamva kuti ku Ulongwe wina watsukira mafuta a mabuleki. Mafuta amene akadonthera pagalimoto amasupula penti, munthu wamkulu n'kuwapaka pamtengo! Wina mafuta ophikira, amene amavunda n'kusanduka ulimbo mkati mwa zitsulo. Kodi akuluakulu amene adagwira mfuti inu musanabadwe adatha onse m'midzimu? Safunsa adadya phula.

Chondikwiyitsa kwambiri ndi kakonzedwe kanu zinthu zikawonongeka. Mng'alu waoneka, mwaumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Wina wakulunga waya. Wina wakhomapo msomali, mtengo n'kupitiriza kung'ambika. Wina wadonthezamo guluu wa m'kachubu, osadziwa kuti palibe guluu amene amagwira mtengo wokhuta mafuta. Mwapaka vanishi wa zitseko pamwamba pa mafutawo, sakuuma, fumbi lonse la m'nyumba lamatirira. Mwaviika thendere m'madzi a sopo, lafufuma, pouma lapindika. Mwaliwamba pamoto. Wina watenga sandipepala wokakala, wapala mpaka timizere togwirira tija tafafanizika, m'mphepete mwadyeka, chitsulo chatsala pamtunda chikugwedera. Zimenezi mumati kukonza?

Ndipo musaganize kuti ndikudandaula za kukongola kwa mfuti ayi. Thendere logwedera limasocheretsa chipolopolo. Kumunsi ku Magoe, kumene boma lidakhazikitsa paki yosungira nyama zakutchire mu 2013, ndi m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, anthu amakumana ndi njovu, mvuu ndi ng'ona m'minda ndi pamadooko. Munthu waitanidwa kuti akathandize mudzi, thendere n'kuthyokera m'manja nyama ili pafupi, adzamuika m'manda ndani? Mnzake amene waima pambali pake walakwanji?

Imvani tsono, ndinena kamodzi. Musanagwire chilichonse, tsegulani mfuti muone ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo. Chifefe chothyola pakati chimamasuka, chotsani mpopewo mukautsukire pawokha, mtengo uli kutali. Mfuti yokhala ndi chitsulo chokokera kumbuyo, solorani chitsulo chokokeracho, phimbani thendere ndi pulasitiki, mpope uweramire pansi, muzitsuka kuchokera kumbuyo kuti zonyansa zitulukire kukamwa. Kansanza kangonyowa pang'ono, kasachite kudontha. Amoniya asagone mumpope. Pukutani mpaka muume, mupake timafuta ta mfuti tochepa kwambiri. Dontho likagwera pamtengo, lipukuteni nthawi yomweyo. Posunga, mpope uloze pansi, m'malo okhoma ndi loko kumene ana safikako, zipolopolo kwina.

Kumene kwawonongeka kale kumafuna kuleza mtima, chinthu chimene ambiri a inu mulibe. Masulani thendere pachitsulo. Perani choko chikhale ufa, musakanize ndi asetoni kapena sipiriti, mumate pomwe padapo. Muchitire panja, kutali ndi mbaula ndi fodya. Chikauma mudzachiona chasanduka chachikasu, kapena chofiirira, ndiye kuti chakoka mafuta. Sasani, mumatenso china, mpaka tsiku limene chidzauma chili choyera, ngakhale zitenge masabata. Kadzuwa ka m'mawa kamathandiza, mafuta amatuluka ngati thukuta mukupukuta, koma dzuwa la masana la ku Tete, lija limapyola madigiri 40, ling'amba mtengowo. Pomwe padabonyoka ikanipo nsalu yonyowa, musindikize ndi simbi yotentha, nthunzi idzatukula. Sandipepala akhale wosalala, muzitsata mitsempha ya mtengo, m'mphepete mokumana ndi chitsulo musakhudzemo. Kenako mafuta a linisidi owiritsa, amene m'masitolo ogulitsa penti amalembedwa óleo de linhaça. Timadontho pachikhatho, tikitani mpaka dzanja litenthe, pukutani otsala, musiye aume tsiku lonse kapena kuposerapo, ndiye mubwereze. Kwathu kumapiri kuno nthawi ya nkhungu amachedwa kuuma, dikirani. Nsanza zonyowa ndi mafuta amenewa mukaziunjika zimatentha zokha mpaka kuyaka, ndiye musazitaye pakona m'nyumba ya udzu, ziyanikeni panja chotambasula.

Ngati khosi lang'ambika, mfutiyo isalirenso. Pitani nayo kwa mmisiri wodziwa za mfuti, achotse mafuta, amate ndi guluu wosakaniza machubu awiri, alimbitse ndi kachitsulo mkati. Akanena kuti mtengowo watha, mumvereni, asemenso wina. Mlombwa tili nawo, koma kulowetsa chitsulo mumtengo mosagwedera si ntchito ya aliyense wodziwa kukhoma mpando.

Ngati kumasula thendere ndi kudikira masabata angapo kukukulemerani, mfutiyo kaperekeni kupolisi, muzikalondera munda ndi chitini ndi legeni.