Chiwerengero cha otchula dzina lako sichikwanira kuyezera wofufuza za maloboti

Sabata yatha mphwanga amene akuphunzira za maloboti kunja ananditumizira chithunzi cha tsamba lake la Google Scholar, la pa intaneti limene limaonetsa kangati ena atchula zolemba za wofufuza, ali wokhumudwa chifukwa pempho lake la ndalama zofufuzira linakanidwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anamuuza n'chakuti ofufuza anzake satchula zolemba zake mokwanira. Iye analemba kuti, "Achimwene, zaka zitatu zonsezi zalowa m'madzi." Ndinakhala pakhonde kuno ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mpaka dzuwa kulowa ndikuyang'ana manambala ochepa aja, ndipo mtima wanga sunavomere kuti ndiwo muyezo wa ntchito imene ndinaiona ndi maso anga.

Nambala imene ikumuvutitsa imatchedwa h-index, ndipo anaiyambitsa mu 2005 ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa pa University of California ku San Diego. Munthu amakhala ndi h-index ya 10 ngati ali ndi zolemba 10 zimene chilichonse chatchulidwa ndi ena kosachepera ka 10. Kuwerenga kotereku kunakula kuchokera pa Science Citation Index, kaundula wosonyeza zolemba za sayansi zimene zatchula zinzake, amene Eugene Garfield anatulutsa mu 1964, ndipo phindu lake loyamba linali kuthandiza wowerenga kutsata kumene ganizo lachokera ndi kumene lapita. Lero nambala yomweyo ikugamula amene alembedwe ntchito, amene akwezedwe ndi amene apatsidwe ndalama.

Sindikunena kuti kutchulidwa kulibe tanthauzo. Cholemba cha mu 2009 chofotokoza ROS, pulogalamu imene opanga maloboti ambiri padziko amamangirapo makina awo, chatchulidwa kambirimbiri, ndipo chikuyenera ulemuwo. Nkhawa yanga ili pa mtundu wa ntchito imene muyezowu umaikomera. Wofufuza amene amayesa njira yake pakompyuta pokha angathe kutulutsa zolemba zingapo pachaka, pamene womanga loboti yeniyeni amadikira miyezi kuti kachipangizo kamodzi kafike, amawotcherera mawaya, amalimbana ndi batire lotentha, kenako n'kuyambiranso.

Mphwangayu atabwera kutchuthi anabweretsa kangolo kakang'ono ka matayala anayi kokhala ndi kamera, koti kaziyenda m'mizere ya mbatatesi n'kumazindikira masamba ogwidwa ndi chiwawu matendawo asanafalikire. Tinakayesa m'munda wa amalume cha ku Tsangano. Pasanathe mphindi zambiri dothi lonyowa linamatirira kumatayala, kamera inachita nkhungu, ndipo iye anagwada m'matope akupukuta galasi ndi malaya ake. Amalume anangomufunsa kuti, "Kodi kakafa, wokonza ake ali kuti kuno?" Funso limenelo linamusinthitsa mapangidwe onse a kangoloko, koma palibe tsamba limene lidzamuwerengere miyezi imene inapita pamenepo.

Ife a ku Tete nkhani imeneyi tiyenera kuimvetsa kuposa ena. Kwa zaka zambiri ofufuza akhala akulemba za maloboti ochotsa mabomba okwirira, koma pamene Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba onse odziwika, ntchito yaikulu inali itagwiridwa ndi anthu ogwada pansi ndi zida zofufuzira zitsulo, kuphatikizapo amene anayeretsa malo ozungulira damu la Cahora Bassa, ndiponso makoswe ophunzitsidwa a bungwe la APOPO m'zigawo zina. Kuchuluka kwa zolemba sikunayendere limodzi ndi kuchuluka kwa makina amene anafika m'tchire.

Palinso vuto la khomo lolowera. M'maphunziro a maloboti dzina limamveka kwambiri kudzera m'misonkhano ikuluikulu ngati ICRA ndi IROS, kumene munthu amafunika viza, tikiti ya ndege ndi malipiro olembetsera a madola mazana angapo. Scopus ndi Web of Science, nkhokwe za zolemba za ofufuza zimene oyeza amatengako manambalawa, nazonso zimadzaza ndi zolemba za m'Chingerezi, choncho ntchito yabwino imene wophunzira wa ku Instituto Superior Politécnico de Tete angalembe m'Chipwitikizi pa za makina a m'migodi ya malasha ya ku Moatize ikhoza kuthera pashelefu popanda kuwerengedwa ndi aliyense.

Pa nkhani ya ogwira nawo ntchito ndiye pamene pakundiwawa kwambiri. Oyeza amajambula mapu a timadontho ndi mizere osonyeza amene analemba ndi yani, ndipo wokhala ndi mizere yambiri yopita kumayiko ena amaonedwa ngati wamkulu. Koma mzere sunena amene anachita chiyani. Mu 2015 panatuluka cholemba cha fizikisi chokhala ndi mayina a olemba opitirira 5,000, pamene kwathu kuno munthu amene waperekeza alendo kumunda, wamasulira mawu a alimi, wasunga makina ndi kusonkhanitsa zithunzi nyengo yonse ya dzinja, kawirikawiri amangothokozedwa m'kamzere kakumapeto kamene sikalowa m'chiwerengero chilichonse. Njira yokonzera ilipo kale, chifukwa ndondomeko ya CRediT imatchula maudindo 14 amene wolemba aliyense angaonetse kuti anagwira, ndipo zikalata ziwiri zonena za kayezedwe ka ofufuza, DORA ya mu 2012 pamodzi ndi Leiden Manifesto ya mu 2015, zinapempha kuti manambala azingothandizira anthu amene awerenga ntchitoyo n'kuiunika okha.

Ndinamuyankha mphwanga kuti alembenso pempho lake, ndipo nthawi ino aikemo kanema wa kangolo kaja kakuyenda m'matope a ku Tsangano, malo amene ena angatengereko pulogalamu yake kwaulere, ndi kalata ya alimi amene akufuna kukayesanso mvula ikayamba kugwa. Ndamupemphanso kuti mnyamata wa pamudzi amene ankamuwotcherera zitsulo za kangoloko alembedwe dzina pamodzi ndi olemba ena m'cholemba chotsatira.